Chaka Chimene Abambo Anakwera pa Denga

Denga la nyumba yathu ku Lulimile linayamba kudontha pamwamba pa kama wathu, kenako m'chipinda chosungira nyemba, kenako paliponse. Pofika kumapeto kwa mvula ya chaka chimenecho mabeseni onse a m'nyumba anali atagwirapo ntchito yolandira madzi, ngakhale poto wamkulu amene timabwereketsa pa maliro. Malatawo anali akale. Tinawagula ogwiritsidwa kale ntchito zaka zoyambirira titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo dzimbiri linali litadya mozungulira msomali uliwonse. Masana ukagona chagada unkaona timabowo ta dzuwa mbali zonse.

Zosintha malata sitinakanganepo. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Nampula, anatithandiza, ndipo nyengo yozizira isanathe malata atsopano anali atafika. Tinawasanja kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mapeyala, titawatsindira ndi njerwa. Mkangano unali pa funso limodzi lokha: awakhome ndani?

Amuna anga, amene ine ndimangowatchula kuti abambo monga amachitira ana, anali dalaivala wa galimoto ya boma mpaka pamene anapuma ntchito. Manja awo ndi aluso, zimenezo sindingakane. Ku Malawi kuja tili achinyamata, opanda kanthu, iwo ndi amene anadula mitengo ndi kufolera kanyumba kathu ndi udzu, ndipo anthu ankawaitana kuti akawafolerere zawonso. Titabwerera kuno anaumba njerwa okha, kumanga okha, ndi kukhoma okha malata akale aja. Koma nthawi imeneyo tsitsi lawo linali lakuda bii.

Chimene chinkandiopsa ine chinachitika m'tchalitchi mwezi wa Julayi, m'mawa wina wa chifunga. Titaimirira kuti tiimbe nyimbo, ndinawaona mbali ya amuna atagwira benchi la kutsogolo kwawo ndi manja onse awiri, mutu uli pansi. Nyimbo inatha iwo asanatsegule pakamwa. Kuchipatala anati ndi tensau, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo anawapatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse. Ankamwa akakumbukira, kapena ndikawaikira pafupi ndi kapu ya tiyi.

Ndinayambitsa nkhaniyo tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde.

"Abambo, malata aja tipeze mestre atikhomere."

Mestre ndi mmene timatchulira mmisiri kuno. Iwo sanadzutse mutu.

"Mestre wa chiyani? Nyumba iyi anafolera ndi mestre?"

"Munafolera ndinu. Koma ndi kale."

"Denga ndi lomwelo, mayi. Silinakule."

"Nanga zija za kutchalitchi?"

"Tsiku lija ndinapita osadya. Mwaiwala kodi zimene mestre anawachita anzathu a kumtunda aja?"

Sindinaiwale. Banja lina la kumtunda kwa msewu wathu linalemba mmisiri, iye n'kukhoma malata mothamanga ndi misomali yochepa, ndipo mphepo yoyamba ya mvula inanyamula theka la denga n'kukaliponya m'munda wa mbatatesi wa eni ake. Ndinaona ndi maso anga amayi a m'nyumbamo akuyanika mabuku a ana pampanda. Ndinkadziwanso za amisiri amene amasasula denga, kenako n'kusowa kupita ku ntchito ina, iwe n'kumagona ukuyang'ana kumwamba. Choncho mantha anga anali pawiri. Ndikaganiza za abambo ali pamwamba, ndinkaopa. Ndikaganiza za mlendo amene sindikumudziwa atatsegula nyumba yanga mvula ili pafupi, ndinkaopanso chimodzimodzi.

Ine ndimagwira ntchito mu sekretaria ya sukulu ya pulayimale, ndipo mnzanga wa mu ofesi anandiuza za mestre wina wa ku Assumane amene anafolera nyumba ya mchimwene wake popanda vuto. Ndinawauza abambo poyera kuti ndamuitana adzangoona. Anati, "Kuona n'kwaulere, abwere."

Anabwera pa njinga, bambo wamfupi wa ndevu zoyera pang'ono, atavala kachipewa ka Chisilamu. Anapatsana moni ndi abambo m'Chiyao, chimene abambo amachidziwa bwino chifukwa cha maulendo awo. Anazungulira nyumba, kulowa m'chipinda chilichonse akuyang'ana kumwamba, kenako anakagogoda malata atsopano aja ndi chala n'kugwedeza mutu movomereza.

"Ntchito ndi yotheka, mama," anatero. "Koma mitanda ya pansi pa malata sindingaidziwe mpaka titasasula. Ndiponso ndili ndi nyumba ina kwathu ku Assumane imene ndayamba kale. Mnzanga amene ndinkagwira naye anapita kukakumba golide, ndatsala ndekha. Ndikamaliza imeneyo ndibwera."

"Liti?" ndinafunsa.

"Mvula isanagwe, inshaallah."

Atachoka, abambo anaimirira pakhomo manja ali kumbuyo.

"Mwamva, mayi? Mwini wake sakudziwa tsiku."

Mwezi wa Okutobala unalowa ndi kutentha kwake. Fumbi lofiira linkalowa paliponse, ndipo masana mitambo inayamba kuunjikana kumadzulo, kuda pang'ono, kenako n'kubalalika. Mu ofesi ndinkakhala pafupi ndi windo, ndipo ndinkapezeka ndasiya ntchito, maso ali kumitambo. Ndinamuimbira mestre kangapo. Nthawi zina foni inkangolira, nthawi zina ankayankha ali pamwamba, hamala ikumveka, n'kunena kuti watsala pang'ono. Mwana wathu naye ankaimba kuchokera ku Nampula.

"Amama, musawalole ababa kukwera. Ndawaona anthu ogwa padenga kuno, musandifunse mmene amabwerera."

"Uwauze wekha," ndinatero, n'kuwapatsa foni.

Abambo anamvetsera, n'kumayankha kuti, "Eya, mwanangu. Ndamva, mwanangu." Atadula foni anapita kukanola sowo.

Kunena zoona, amene anagonja ndine. Tsiku lina kunagunda bingu loyamba, lakutali, popanda dontho la mvula, ndipo ndinaganiza za chaka china chathunthu cha mabeseni, malata atsopano ali pansi pa mtengo. Ndinawauza kuti chabwino, koma pakhale malamulo: azimwa mapiritsi ine ndikuona, asakwere ine kulibe, ndipo kukayamba mphepo atsike. Anavomera zonse msangamsanga, ndipo kufulumira kwakeko kunandidetsa nkhawa.

Tinayamba Loweruka m'mamawa kusanatenthe. Tinatulutsa kama ndi zovala kuziika pabalaza, koma matumba a nyemba tinangowakankhira kukona chifukwa anali olemera. Abambo anaimika makwerero kuseri n'kukwera ndi chitsulo chozulira misomali. Ine ndinagwira makwerero mpaka zala zinachita dzanzi, ngakhale iwo atafika kale pamwamba. Msomali uliwonse unkalira potuluka. Ankanditsitsira lata limodzilimodzi, ine n'kulilandira nditakulunga manja ndi nsanza, dzimbiri likundigwera m'maso ndi m'tsitsi. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ndinali ndisanawaone osangalala choncho chipumire ntchito, ndipo kwa kanthawi ndinadziona wopusa ndi mantha anga.

Dzuwa lisanafike pamutu mbali yonse ya kuseri inali yotsegula, chipinda chathu ndi cha nyemba zili pamtetete. Kenako nyimbo ija inasiya.

"Mayi, tandipatsani sikuludiraiva."

Ndinawaponyera. Anabaya mtanda umodzi, chitsulo n'kulowa ngati mu buledi. Anabaya wina, ufa wa mtengo n'kuyoyokera m'chipinda. Chiswe chinali chitadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Ndipo pa mitanda imeneyo ndi pamene iwo anakhala akuponda m'mawa wonse.

"Tsikani," ndinatero. "Abambo, tsikani pang'onopang'ono."

Ntchito imene ankati ndi ya Loweruka limodzi inasanduka ina. Anapita kumsika wa matabwa kukagula mitanda ya paini, imene inabwera pa ngolo yokankha. Ine Lolemba ndinayenera kubwerera ku ntchito. Ndinawasiya akupala ndi kudula pansi, atalonjeza kuti kukwera adikira madzulo ine nditabwera. Tsiku lina ndinabwera masana kudzatenga makiyi a kabati ya ku ofesi amene ndinaiwala, ndipo ndili patali ndinaona munthu atakhala pamwamba pa khoma la nyumba yanga, miyendo uku ndi uku, akukhoma mtanda.

"Munalonjeza!" ndinakuwa ndisanalowe n'komwe pageti.

"Tayang'anani kumwamba, mayi," anayankha. "Mitambo iyo inalonjeza chiyani?"

Kumadzulo kunalidi kutada. Ndinabwerera ku ofesi. Kuyambira tsiku limenelo foni ikalira pa desiki ndinkayamba ndaiyang'ana kaye ndisanaigwire. Mota, njinga yamoto yonyamula anthu, ikaima pageti la sukulu ndinkadzuka kuti ndione ngati ndi munthu wodzandiitana. Ndinapempha kwa akuluakulu kuti ndizituluka msanga, ndipo anandilola.

Mitanda yatsopano itakhazikika, anayamba kukhoma malata. Tsiku limenelo ndinalipo. Kunali dzuwa loswa mtengo, ndipo malata atsopano ankawala moti ine wapansi ndinkalephera kuwayang'ana. Anali atakhoma angapo, mzere wowongoka bwino, pamene ndinawakwezera lina. Analilandira, kuliyala, n'kutenga msomali pakamwa. Nthawi yomweyo kunabwera kamphepo kochokera kumunda, kaja kamene kamanyamula mapepala ndi fumbi. Lata lija linadzuka mbali imodzi n'kulira ngati bingu. Abambo anadziponya pamwamba pake chafufumimba kuti lisauluke.

Mphepo inadutsa. Lata linagona. Koma iwo sanadzuke.

"Abambo?"

Zii.

"Abambo, mwavulala?"

"Mayi," anatero, mawu akumveka ngati akuchokera m'chitsime. "Nyumba ikuzungulira."

Ndinakuwa kuitana anthu, koma masana a pakati pa sabata amuna onse a mumsewu mwathu anali ku ntchito kapena kumsika. Amene anabwera akuthamanga ndi mayi woyandikana nafe, wogulitsa makala, manja ali bii. Ndinamuuza kuti agwire makwerero. Ine chibadwire ndinali ndisanakwerepo makwerero. Ndinavula masilipasi, kumanga kapulana, chitenje changa, m'chiuno molimba, n'kuyamba kukwera osayang'ana pansi. Mutu wanga utatulukira pamwamba, kutentha kwa malata kunandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni.

Anali atagona tsaya lili pa lata lotenthalo, maso atatseka, zala zitakola m'mphepete. Mapazi awo anali pafupi ndi ine, koma osafikika.

"Ndabwera," ndinatero. "Musatsegule maso. Bwererani chambuyo pang'onopang'ono, chokwawa."

"Mwakwera? Tsikani, mugwa."

"Ndikatsika nditsika ndi inu. Sunthani mwendo wamanja."

Anasuntha pang'ono, n'kuima. Ndinkamva kupuma kwawo. Anasunthanso. Malata ankalira pansi pawo, ndipo lija losakhoma linkaterereka nawo limodzi, moti ndinaligwira ndi dzanja limodzi m'mphepete, osamva kuti likundicheka. Pomaliza ndinagwira kakolo wawo. Ndinatsika sitepe imodzi, n'kuika phazi lawo pamene panali langa. Kenako linalo. Tinatsika choncho, ine pansi iwo pamwamba, chipumi changa chikugunda kumbuyo kwa miyendo yawo, mayi wa makala akungonena kuti, "Yesu, Yesu, Yesu," mpaka tinaponda dothi.

Tinawakhazika pakhonde pamthunzi. Tsaya limodzi linali litafiira ndi kupsa. Anamwa madzi, ena n'kutayikira pa malaya. Mayi uja anandimanga nsanza pachikhatho, ndipo m'pamene ndinaona magazi. Ndinkayembekezera kuti ndikwiya, koma mkwiyo sunabwere. Ndinkangowayang'ana mmene anachepera pampandopo.

Chizungulire chitawatha, ndinalowa m'nyumba kukasintha kapulana, n'kutenga kachikwama.

"Ndikupita ku Assumane," ndinawauza.

Ndinamupempha mayi wa makala kuti akhale nawo, n'kuyenda mpaka pageti. Ndikutsegula, ndinamva akuitana.

"Mayi."

Ndinatembenuka.

"Mumuuze abwere ndi sizasi yake yodulira malata. Yanga yabuntha."

Ndinakwera mota pamsewu waukulu. Woyendetsa ankafunsa anthu njira mpaka tinamva kulira kwa hamala. Mestre ndinamupeza pamwamba pa nyumba yaikulu kuposa yathu, theka lake lili lotsegula, pansi pali mayi wina wobereka mwana akuyang'ana kumwamba ndi nkhope ya nkhawa yofanana ndi yanga. Anatsika, n'kumva nkhani yanga yonse osandidula.

"Pepani, mama. Baba ali bwanji tsopano?"

"Akhala pansi. Tiyeni lero lomwe, chonde."

Anayang'ana nyumba ija, n'kuyang'ana mayi wa mwana uja.

"Ndikachoka pano, awa ndiwasiya ngati mmene mulili inu. Sindingathe. Ndimalize kaye."

Ndinafuna kulira pamaso pa anthu osawadziwa. Sanali kunama, ndipo ndikanakhala mayi winayo ndikanafuna ayankhe chomwecho. Mestre analowa m'nyumbamo n'kutulutsa lona yaikulu yabuluu yofundira katundu, yong'ambika pakona, n'kundithandiza kuimanga kumbuyo kwa mota. Madzulo amuna awiri a mumsewu mwathu ataweruka anaiyala pamwamba pa mitanda n'kuimanga ndi zingwe, abambo akuwalozera ali pansi.

Mvula sinadikire mestre. Inagwa masana ena ndili ku ofesi, yoyamba, yamphamvu, ya fungo la fumbi. Anzanga ankasangalala pawindo, ine ndinatuluka osatenga ambulera. Ma mota onse anali atabisala pansi pa makonde a masitolo, choncho ndinayenda wapansi, matope ofiira akundikwera mpaka m'mawondo. Nditafika ndinapeza lona itadzaza madzi pakati pa mitanda, italendewera ngati mimba ya ng'ombe, ndipo abambo ali m'chipinda cha nyemba akuikankha ndi mtengo wa tsache kuti madzi atayikire kunja. Ndisanawauze kuti asiye, chingwe cha pakona yong'ambika chinaduka. Madzi onse anakhuthukira m'kati, pa iwo ndi pa matumba.

Tinakoka matumbawo tonse awiri mpaka pabalaza. Tinakhuthula nyemba pa mphasa, pa malaya akale, pa tebulo, paliponse pouma. Zinali nyemba za munda wathu wa chaka chonse. Abambo ankagwada akuziyala ndi manja, madzi akudontha m'ndevu, ndipo anati: "Ndikanayamba ndi mbali ya kutsogolo." Zambiri tinazipulumutsa ndi dzuwa la masiku otsatira. Thumba limodzi la pansi linamera, lina linachita nkhungu, ndipo tinapatsa woweta nkhumba.

Mestre anafika m'mawa wina ndi njinga yake, sizasi ndi hamala zili m'thumba la ufa. Anakwera, n'kuyenda pa mitanda yatsopano akuiponda mwamphamvu, kenako anasuzumira pansi.

"Baba, mitanda iyi mwaikhoma ndinu?"

"Ndine."

"Ili bwino. Malata awa sindiwazula, koma lomalizali lokha. Koma ndili ndekha. Ndikufuna munthu pansi woyeza, kudula ndi kundikwezera."

Abambo anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana makwerero.

"Pansi pokha," ndinatero.

"Pansi pokha," anabwereza mestre, ngati ndi iye wapempha.

Sindinganene kuti ankagwirizana. Abambo ankakuwa ali pansi kuti malata alowane kwambiri, mestre n'kuyankha kuti, "Eya, baba," n'kuchita mmene amachitira. Anakangana za kutalika kwa khonde la kuseri mpaka anasiya Chinyanja n'kuyamba Chiyao, ndipo pamenepo abambo ndi amene anapambana. Mbali ya kutsogolo itasasulidwa, chiswe chinapezekanso, ntchito n'kuimanso podikira matabwa. Lachisanu mestre anatsika dzuwa lisanafike pamutu, kusamba m'manja ndi kumaso pampopi wathu n'kupita ku mzikiti, chipinda cha alendo chili chotsegula, mitambo ikusonkhana. Ine ndinakhala pakhonde osadya mpaka njinga yake inatulukiranso pakona. Kawiri konse ndinawapeza abambo phazi limodzi lili pa sitepe yoyamba ya makwerero, ndipo atandiona ananamizira kuti akuwakhazika bwino.

Denga linatha mvula yeniyeni itangoyamba. Silidontha, kupatula pamalo amodzi pafupi ndi khomo la kukhitchini mphepo ikamawomba chammbali, ndipo mpaka lero sitinapeze bowo lake.

Sabata yotsatira ndinawaperekeza kuchipatala. Ndinkaganiza kuti ndiyenera kufotokoza ndine, koma namwino atafunsa ngati chizungulire chinabweranso, abambo ananena okha zonse, za lata, za mphepo, ndi zoti mkazi wawo anakwera kukawatenga. Namwinoyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anawasinthira mapiritsi n'kuwauza tsiku lobweranso.

Pobwerera tinatsika chapa, minibasi ya kuno, patali pang'ono kuti tigule tomato. Tikuyenda, abambo anaima mwadzidzidzi. Tsidya la msewu bambo wina, wamkulu ngati iwo, anali pamwamba pa nyumba yake yekhayekha, wopanda nsapato, akukoka lata ndi dzanja limodzi. Pansi panalibe munthu.

"Achimwene!" anakuwa abambo. "Makwerero anuwo aima pa mwala, akugwedera!"

Munthuyo anakweza dzanja osatembenuka, n'kupitiriza ntchito yake. Abambo anandipatsa jumbo ya mankhwala, kuwoloka msewu, kulowa pageti la eni ake popanda odi, n'kukagwira makwererowo ndi manja awiri. Ine ndinaima pamthunzi wa mpanda ndi tomato wanga, kudikira kuti munthuyo atsike.